Lamba Yekha, Agogo

Amalume anga adayamba kukwera ndege asanagule ndi njinga yomwe. M'chaka cha 1971, ali mnyamata, adachoka kwathu kufupi ndi Malindi n'kukalembetsa ku Wenela, bungwe lomwe linkatenga amuna kukagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa. Ndege idawanyamula ku Chileka n'kukawatula ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchokera kumeneko adapitiriza ulendo pa sitima yapamtunda mpaka ku Joni. Atabwerako adagula njinga ija, wailesi ndi malata, nakhazikika pa usodzi. Padapita zaka zoposa 40 asanapondenso pabwalo la ndege.

Mwayi udapezeka m'chaka cha 2018 pamene mwana wawo, yemwe amachita malonda ku Johannesburg, adawatumizira tikiti kuti akaone adzukulu. Popeza ine ndidali nditayendako kangapo, banja lidandisankha kuti ndipite nawo. Titafika pakhomo pochitira chipikisheni, mtsikana wovala yunifolomu adawauza kuti, "Agogo, zonse za m'matumba ikani m'beseni umu, muvulenso lamba." Amalume adavula lamba. Kenaka, nkhope ili pansi, adayamba kumasula mabatani a malaya pamaso pa anthu onse. Adali atafika pa batani lachitatu pomwe mtsikana uja adawaletsa motsitsa mawu: "Ayi agogo, lamba yekha. Malayawo musavule."

Chikwama chawo chitadutsa m'makina, mudapezeka kampeni komwe amadulira ulusi posoka maukonde. Mtsikanayo adawafotokozera kuti mpeni uliwonse saloledwa kukhala nawo m'ndege, koma angathe kupatsira achibale omwe adatiperekeza kuti akawasungire. Amalume sadayankhe. Adapisa m'beseni muja, natenga K2,000, naipinda bwinobwino n'kuikankhira chakumanja kwa mtsikanayo. Iye adaibweza. "Sungani agogo, mukawagulire adzukulu maswiti. Kampenika sikangadutse ngakhale mutandipatsa ng'ombe."

Ulendo wonse ndidali kudzifunsa funso limodzi. Nkhalamba yomwe sidabepo ngakhale usipa wa mnzake, yopanda chobisa chilichonse, idafikiranji pakhomo paja itakonzekeratu zinthu ziwiri, kuchititsidwa manyazi ndi kupereka chiphuphu? Ndani adaiphunzitsa kuti munthu woima pakhomo la ndege ndi wotero? Yankho lake ndidalipeza m'mbiri ya dziko lathu, ndipo gawo lalikulu la mbiriyo likukhudza kwathu kuno ku Mangochi.

Kusechedwa si kwachilendo kwa anthu a kuno. Tauni ya Mangochi idayamba ngati malo a chipikisheni. M'chaka cha 1891 Harry Johnston adamangitsa linga pafupi ndi mudzi wa mfumu Mponda, pomwe Shire amatulukira m'nyanja, kuti aziona owoloka mtsinje ndi kutseka njira ya malonda a akapolo. Lingalo ndilo lidapereka dzina loti Fort Johnston. Cholinga chothetsa ukapolo chidali chabwino, koma msilikali yemweyo wotseka njira ya akapolo ndiye adabweranso ndi msonkho wa nyumba. Makolo athu adaphunzira msanga kuti woima pachipata ali ndi nkhope ziwiri.

Ndege zonyamula anthu ochokera kutali zidafika m'boma lino kudzera pamadzi. Kuyambira kumapeto kwa 1949 mpaka m'chaka cha 1950, ndege za kampani ya BOAC zotera panyanja zinkaima ku Cape Maclear paulendo wochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg. Masiku amenewo kudalibe makina ounikira katundu kwina kulikonse padziko lapansi. Wokwera ankangoonetsa tikiti ndi chiphaso. Koma okwerawo adali azungu, ndipo anthu a ku Chembe ankangoonerera ali pamchenga kapena kunyamula masutikesi. Amalawi wamba ochuluka adalowa m'ndege koyamba kudzera ku Wenela, ndipo khomo lawo lidali lina.

Amalume amasimba kuti asanawalole kupita kumgodi, ankawaimika pamzere ali chibadwire, achikulire ndi anyamata pamodzi, munthu ndi mpongozi wake yemwe. Ankawakweza pa sikelo, kuwayeza chifuwa ndi kuwadinditsa zala. Palibe ankawauza chifukwa chake, ndipo wofunsa funso ankadziwa kuti akutaya mwayi wa ntchito. Mabatani omwe adamasula mu 2018 aja adayamba kuwamasula kumeneko.

Pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela yomwe inkabweretsa anthu kumudzi idagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi 74 adafera pomwepo. Kafukufuku adapeza kuti mafuta omwe adathira m'ndegemo adali osakanikirana ndi mafuta a mtundu wina. Amuna aja adawayeza thupi lonse, koma mafuta a ndege yowanyamula sadayezedwe mokwanira. Dr Kamuzu Banda adaimitsa ulendo wa kumigodi chifukwa cha ngoziyi, ndipo udadzayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Teba. M'midzi yathu mudatsala phunziro lowawa: kuyeza konse kuja kudali kothandiza mwini mgodi, osati kuteteza moyo wa woyezedwayo.

Komatu zifukwa zenizeni zosechera okwera ndege zidalipo, ndipo Malawi adaziona ndi maso. M'mwezi wa Meyi 1972, amuna awiri a ku Lebanon adalanda ndege ya South African Airways ya mtundu wa Boeing 727 yomwe inkachokera ku Salisbury kupita ku Johannesburg, akuopseza kuti aiphulitsa. Mtsogoleri wawo, Fouad Kamil, adali ndi mangawa ndi Harry Oppenheimer, mkulu wa makampani a migodi. Ndegeyo idathera pa Chileka. Okwera ndi oyendetsa omwe adatsalamo adatha kutuluka, asilikali a Malawi adaombera ndegeyo, ndipo amuna awiriwo adadzipereka n'kukalowa m'ndende. M'zaka zimenezo kulanda ndege kudali kutafala padziko lonse. Kuyambira mu Januwale 1973, dziko la America lidalamula kuti wokwera aliyense ndi chikwama chake aziunikidwa, ndipo mu 1974 bungwe loona za maulendo a pandege padziko lonse la ICAO lidakhazikitsa malamulo a chitetezo oti maiko azitsata.

Chaka chomwecho cha 1973, nyumba ya malamulo ya Malawi idavomereza lamulo la kavalidwe, loletsa amayi kuvala buluku kapena siketi yoonetsa maondo. M'zaka zomwezo amuna adaletsedwa kusunga tsitsi lalitali. Malo amodzi omwe malamulowa ankagwira ntchito mwamphamvu ndi pabwalo la ndege. Mlendo watsitsi lofika m'mapewa ankametedwa asanalowe m'dziko, ndipo mayi wovala buluku ankayenera kupeza chitenje kapena siketi yaitali. Chikwama chikatsekulidwa, maso ankathamangira mabuku ndi magazini, pakuti kuyambira 1968 kudali lamulo lopatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa zowerenga, mafilimu ndi nyimbo. Pamene maiko ena ankaphunzitsa anthu awo kufunafuna mfuti ndi mabomba, ife tidawonjezerapo kuyeza masiketi ndi kuvundukula masamba a mabuku.

Kwa munthu wochokera kuno, mantha adali owirikiza. Mu Febuluwale 1965, Henry Masauko Chipembere adatsogolera anthu ake kuchokera m'dera lino, naukira boma la Fort Johnston, ndi kuyamba ulendo wa ku Zomba womwe udathera pa doko la Liwonde. Kuchokera apo boma lonse la Mangochi lidakhala lokayikiridwa. Anthu ambiri adamangidwa, ndipo m'zaka zotsatira a m'mudzi wa Moto adasonkhanitsidwa n'kukatsekeredwa. Ndikukumbukira ndili mwana kuti akuluakulu akafunsidwa kwawo pa rodibuloko, ankatchula dzina la boma lathu mwachinunu, ngati akuulula mlandu.

Tsiku lomwe lidaonetsa poyera ntchito yomwe khomo la ndege linkagwira ndi 6 Epulo 1992. Patangotha mwezi umodzi mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma, Chakufwa Chihana adatsika ndege pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, lomwe lidatsegulidwa mu 1983. M'manja mwake mudalibe mfuti kapena mpeni. Mudali pepala la mawu opempha ndale za zipani zambiri. Adamugwira pomwepo asanamalize kuwerenga. Amalawi adamva pa mawailesi akunja, ndipo aliyense adamvetsa tanthauzo lake: alonda a pakhomo paja adaikidwa kuteteza boma kwa anthu, osati kuteteza anthu kwa achiwembu.

Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 idasintha zambiri. Lamulo la kavalidwe lidachotsedwa, lumo lometera alendo lidasungidwa, ndipo mabuku adayamba kulowa momasuka. Tidaganiza kuti mantha a pakhomo la ndege apita ndi chipani chimodzi. Koma pa 11 Seputembala 2001 zigawenga zidalanda ndege zinayi ku America n'kupha anthu pafupifupi 3,000. Mu Disembala chaka chomwecho Richard Reid adayesa kuphulitsa ndege yochokera ku Paris ndi bomba lobisidwa m'nsapato, ndipo m'malo ambiri adayamba kuvulitsa anthu nsapato. Mu 2006 apolisi a ku Britain adatulukira chiwembu chogwiritsa ntchito mabomba amadzimadzi, n'kubwera lamulo loti botolo lolowa nalo m'ndege lisapitirire mamililita 100. Lamulo lililonse lidali ndi chifukwa chake. Vuto lidali loti m'maiko ambiri maso a osecha adayamba kukhazikika pa mkanjo, kofiya, ndevu ndi dzina. Mangochi ndi boma lomwe anthu ambiri ndi Asilamu. Opita ku Hajj ndi anyamata a ku Joni ankabwera ndi nkhani zofanana, zoti adawapatula pamzere popanda chifukwa china koma maonekedwe.

Kenaka kudabwera za mu Juni 2003. Amuna asanu ochokera kunja omwe ankakhala ku Blantyre, awiri a ku Turkey, mmodzi wa ku Saudi Arabia, mmodzi wa ku Kenya ndi mmodzi wa ku Sudan, adagwidwa usiku powaganizira kuti amathandiza gulu la Al-Qaeda. Maloya awo adatenga chiletso ku bwalo lalikulu la milandu choti asatulutsidwe m'dziko. Ngakhale padali chiletsocho, anthuwo adawakweza ndege n'kuwatulutsa. Kuno ku Mangochi kudabuka zipolowe. Matchalitchi ndi maofesi ena adaphwanyidwa, ndipo anthu omwe adakhala mwamtendere kwa zaka zambiri, ogula nsomba padoko limodzi, adayamba kuyang'anana ndi diso lofiira. Kuphwanya kuja kudali kulakwa, pakuti Mkhristu wa ku Mpondasi sadatengeko mbali pa kugwidwa kwa anthu aja. Patatha milungu ingapo amuna asanuwo adamasulidwa ku Sudan popanda mlandu uliwonse. Funso lomwe lidatsala m'mitima ya anthu ndi ili: ngati khomo la ndege lingathe kutulutsa anthu asanu mozemba lamulo la khoti, likamandivula nsapato ine limakhala likuteteza yani?

Pano ndiyenera kudziulula ndekha, chifukwa mbiriyi siili ndi olakwa a mbali imodzi yokha. Chaka china, pa bwalo lina la ndege lomwe sindilitchula, mkulu wina wosecha adagwira chikwama changa momwe mudali usipa wouma wopita kwa achibale. Adachitembenuza uku ndi uku, akuyang'ana wotchi, akudziwa kuti ndege yanga yatsala pang'ono kunyamuka. Kenaka adati, "Bwana, kunja kwatenthatu lero." Ndidamva. Ndidamupatsa ya fanta, ndipo chikwama chidatsekedwa osaunikidwanso mpaka pansi. Ndidakwera ndege ndili wokondwa kuti ndapulumuka. Tili m'mwamba m'pamene ndidazindikira kuti ngati ine ndadutsa ndi ya fanta, wina aliyense mwa anthu omwe ndidakhala nawo m'ndegemo akadathanso kudutsa chimodzimodzi, atanyamula chilichonse. Ndidagula ufulu wa usipa wanga pogulitsa chitetezo changa chomwe. Timakonda kunena kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, tikuloza ogwira ntchito pabwalo. Timaiwala kuti dzanja lolandira silikhala lokha.

Ndidakumbukiranso zimenezi mu Januwale 2019 pomwe South African Airways idaimitsa kwa kanthawi maulendo ake a ku Blantyre, oyendera mabwalo a ndege atapeza zofooka pa Chileka, kuphatikizapo mpanda woonongeka ndi kuchepa kwa zida zozimitsira moto. Mpanda wa bwalo la ndege saudula ndi mlendo wochokera kutali. Chitetezo chomwe timadandaula kuti n'chofooka, nthawi zina timachibowola tokha.

M'pofunikanso kudziwa kuti ntchito ya woima pakhomo paja ndi yolemetsa kuposa momwe imaonekera. Chipata chomwe timadutsamo chija chimangomva chitsulo, sichisiyanitsa lamba ndi mfuti, n'chifukwa chake amatiuza kuchotsa zonse. Makina ounikira zikwama saonetsa chithunzi chooneka bwino ngati cha pa kanema. Amaonetsa mithunzi yamitundumitundu: zinthu monga chakudya, nsalu ndi mapepala zimaoneka zofiirira ngati lalanje, pomwe zitsulo zimaoneka zabuluu. Zophulika zambiri zimaoneka ndi mtundu womwewo wa chakudya, kotero phukusi la chambo chowamba lingathe kuimitsa makina popanda wina kukhala ndi mtima woipa. Wosecha amakhala ndi timasekondi towerengeka pa chikwama chilichonse, ndipo maso amatopa msanga, mwakuti ku Ulaya lamulo limati munthu asayang'ane zithunzizo mosalekeza kupitirira mphindi 20. Tsiku lomwe wagwira bwino ntchito palibe chimachitika, ndipo palibe amamuthokoza. Amangolandira mkwiyo wa ochedwa ndi mnyozo wa mabwana ofunsa kuti, "Ukundidziwa ine?"

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Munthu amalolera kuti mlendo apise m'chikwama mwake, agwire zovala zake zamkati ndi kumupapasa m'thupi, pokhapokha akakhulupirira zinthu zitatu. Choyamba, kuti chomwe chikufunidwa ndi chinthu chomwe chingaphe anthu, osati buku, siketi, chipembedzo kapena boma lomwe amachokera. Chachiwiri, kuti lamulo ndi limodzi kwa onse, msodzi wa ku Malindi ndi nduna yomwe. Chachitatu, kuti yankho la wosecha silisintha ndi ndalama. Mbiri yathu idaphwanya zitatu zonsezi, chimodzichimodzi: choyamba m'nthawi ya chipani chimodzi, chachiwiri mu 2003 ndi nthawi iliyonse yomwe wamkulu amazungulira mzere, chachitatu tsiku lililonse lomwe ine ndi inu timapereka ya fanta. Makina atsopano angagulidwe m'chaka chimodzi, koma chikhulupiriro chomwe chidaonongeka kwa zaka zoposa 100 chimabwerera pang'onopang'ono, munthu mmodzi pa nthawi.

Mtsikana uja adachita zitatu zonsezi m'mphindi zosakwana zisanu. Adasunga ulemu wa nkhalamba, adafotokoza chifukwa cha lamulo, ndipo adakana ndalama. Sadafewetse lamulo ngakhale pang'ono, pakuti kampeni kadatsaladi. Amalume adakhala chete mpaka ndege itadutsa mitambo. Kenaka adandikodola nati, "Mphwanga, mwana uja ngwa yani? Makolo ake adalera." Patapita kanthawi adawonjeza kuti, "Ndiye kuti aliyense muno mpeni wake watsala panja?" Nditavomera, adatsamira mpando n'kugona tulo mpaka ku Johannesburg.

Boma lakhala likulankhula za kumanga bwalo lalikulu la ndege kuno ku Mangochi, kuti alendo obwera kunyanja asamayambe atera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Likadzamangidwa, oima pakhomo adzakhala ana athu omwe, a ku Namwera, ku Makanjira, ku Monkey Bay ndi ku Malindi, adzukulu a amuna omwe adaimikidwa chibadwire pamzere wa Wenela. Ndikupempha kuti pamodzi ndi maphunziro a makina, adzawaphunzitsenso mbiri imeneyi, kuti adzadziwe chomwe nkhalamba imakhala itanyamula mumtima ikamafika pamaso pawo. Adzalipidwenso mokwanira ndi pa nthawi yake, kuti kutentha kwa dzuwa kusadzakhale chonamizira. Nafe okwera tidzasiye chizolowezi chopinda ndalama m'chiphaso.

Amalume adabwerako patatha miyezi iwiri. Paulendo wobwerera adavula lamba asanauzidwe, malaya osawakhudza. Kampeni kaja adakakapeza kali m'thumba la jekete la mdzukulu wawo yemwe adakasunga, ndipo mpaka lero ndi komwe amadulira ulusi akakhala pansi pa mtengo kusoka maukonde.